Makina Obweza Kutentha M'nyumba za ku Maiko Ozizira ndi Kayesedwe Kake

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chikuomba ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena chisanu chikagwa usiku ku Dedza ndi ku Nyika, munthu amatseka chitseko ndi mazenera onse kuti nyumba ifunde. Koma kukacha, amene wagona m'chipinda chotsekedwa chotero amadzuka mutu uli wolemera, ndipo pagalasi la zenera pamakhala pakuyenderera madzi. Akatsekula zenera mpweya wabwino umaloŵa, koma kutentha konse kumene adasunga usiku kumathaŵira kunja. Ku Malaŵi vuto limeneli ndi la masabata ochepa chabe. Ku maiko a kumpoto monga Canada, Sweden ndi Germany, kumene kuzizira kumakhala miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ndipo madzi amaundana m'mitsinje, ndi vuto lokhudza thanzi la banja ndi thumba lomwe. Nkhani ino ikufotokoza makina amene akatswiri a kumeneko adapanga pofuna kuthetsa vutoli, ndi njira zimene amatsata poyesa ngati makinawo akugwiradi ntchito imene adagulidwira.

Chiyambi chake ndi chaka cha 1973. M'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho maiko a Aluya okumba mafuta adachepetsa mafuta otumiza kunja, ndipo m'miyezi yoŵerengeka mtengo wake udakwera pafupifupi kanayi. Mabanja amene ankatenthetsa nyumba ndi mafuta adaona ndalama zikutha ngati madzi a m'dengu. Tsono anthu adayamba kumata ming'alu ya m'makoma, kutseka mipata ya m'zitseko ndi kukuta makoma ndi denga ndi zinthu zosalola kutentha kudutsa. Mafuta adapulumukadi, koma padabuka vuto lina. Nyumba zakale zinkapuma kudzera m'ming'alu yomwe ija, ndipo itatsekedwa, chinyezi cha m'khitchini ndi m'bafa, fungo la penti ndi guluu wa mipando, ndi mpweya wotuluka m'mapapo mwa anthu, zonse zidayamba kuunjikana m'kati. Makoma adachita chuku, ana adayamba kutsokomola, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 madokotala ankalankhula za nyumba zodwalitsa anthu.

M'chaka cha 1977, mu mzinda wa Regina m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada, kumene kuzizira kumatha kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro, boma la chigawocho lidamangitsa nyumba yoyeserera yotchedwa Saskatchewan Conservation House. Mmodzi mwa akatswiri amene adaikonza adali Harold Orr, ndipo Robert Besant wa pa yunivesite ya Saskatchewan pamodzi ndi anzake adakonza chipangizo chosinthira mpweya. Nyumbayo idali ndi zida zokolola kutentha kwa dzuŵa zimene anthu ambiri ankabwera kudzaona, koma zidazo zidavuta ndipo pambuyo pake zidachotsedwa. Zimene zidakhalitsa ndi zinthu zitatu zosaoneka kwenikweni ndi maso: makoma ochindikala, kumata mipata yonse, ndi bokosi lija losinthira mpweya. Pa Chingerezi makinaŵa amatchedwa heat recovery ventilator, ndipo mwachidule amangoti HRV.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. M'bokosimo muli mafani aŵiri. Fani imodzi imakoka mpweya wakale m'khitchini, m'bafa ndi m'chimbudzi n'kuutulutsa kunja. Fani inayo imakoka mpweya watsopano kunja n'kuupereka ku zipinda zogona ndi pabalaza. Pakati pa bokosilo pali mtima wa makinawo, umene ndi timapepala tambirimbiri ta pulasitiki kapena ta aluminiyamu, tosanjikizidwa motalikirana pang'ono. Mpweya wotuluka umadutsa mbali imodzi ya kapepala kalikonse, woloŵa umadutsa mbali inayo. Mipweya iŵiriyi siisakanikirana, koma kutentha kumadutsa m'kapepalako kuchoka ku mpweya wofunda kupita ku wozizira, monga mmene botolo la mkaka wa mwana limafundira likaikidwa m'madzi otentha, madziwo osaloŵa m'botolomo. Makina abwino koposa ndi amene mipweya iŵiriyi imayenda mopingasana, wina kuloŵera uku wina uko, chifukwa potero mpweya woloŵa umakumana ndi malo ofunda kwambiri pamapeto penipeni pa ulendo wake. Nzeru imeneyi ili kale m'chilengedwe. M'miyendo ya bakha, mitsempha yotsitsa magazi ofunda idagundana ndi mitsempha yokweza magazi ozizira, kotero kuti mbalameyo imaima m'madzi ozizira thupi lake osataya kutentha kwambiri.

Wogulitsa makina otere amalemba pa pepala kuti amabweza magawo 85 kapena 90 pa magawo 100 alionse a kutentha. Koma akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chiŵerengero cha pa pepala chimapezeka m'chipinda choyesera, makinawo ali atsopano, oyera ndi olumikizidwa bwino. Funso limene mwini nyumba ali nalo ndi lakuti m'nyumba mwake, patapita chaka kapena zaka zisanu, makinawo akubweza zochuluka bwanji.

Muyeso woyamba ndi wa kutentha, ndipo umafuna zoyezera kutentha zitatu. Chimodzi chimaikidwa mu mpweya wochokera kunja usanaloŵe m'makina, china mu mpweya wochokera m'zipinda, chachitatu mu mpweya watsopano umene wadutsa kale m'makinawo. Mwachitsanzo, kunja kuli madigiri 10 pansi pa ziro ndipo m'nyumba muli madigiri 20. Kusiyana kwake ndi madigiri 30. Ngati mpweya watsopano ukutuluka m'makinawo uli pa madigiri 14, ndiye kuti wakwera ndi madigiri 24. Kugaŵa 24 ndi 30 kumapereka magawo 80 pa 100. Masamu ake ndi omwewo basi.

Kuti phindu lake lioneke, pafunika kudziŵa kuchuluka kwa mpweya umene ukuyenda. Akatswiri ambiri a ku Ulaya amaŵerengera kuti munthu mmodzi afunika makyubiki mita 30 a mpweya watsopano pa ola lililonse, choncho banja la anthu anayi lifunika makyubiki mita 120. Kufunditsa kyubiki mita imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu imene chipangizo cha wati imodzi chimadya pa ola. Motero kufunditsa makyubiki mita 120 pa ola ndi madigiri 30 kumafuna mawati pafupifupi 1,200 osalekeza, usana ndi usiku, monga ngati mbale imodzi ya chitofu chamagetsi yasiyidwa yoyaka nyengo yonse yozizira. Makina obweza magawo 80 pa 100 amapulumutsa mawati pafupifupi 950 mwa ameneŵa.

Koma mafani aja nawonso amadya magetsi, ndipo uwu ndi muyeso wachiŵiri. Bungwe la Passivhaus Institut, limene Wolfgang Feist adakhazikitsa mu mzinda wa Darmstadt ku Germany m'chaka cha 1996, limavomereza makina okhawo amene sadya magetsi oposa mawati 0.45 pa kyubiki mita iliyonse yoyendetsedwa pa ola, ndiponso amene amabweza magawo osachepera 75 pa 100. Kwa banja lija ndiye kuti mafani sayenera kupitirira mawati 54. Kulipira mawati 54 n'kulandira 950 ndi malonda abwino, chifukwa phindu lake ndi loposa ka 17. Koma masefa akatsekeka ndi fumbi, kapena mapaipi akakhala opapatiza ndi okhotakhota, mafani amakoka movutikira, magetsi amakwera, ndipo mpweya wofika m'zipinda umachepa.

Apa m'pamene pali msampha umene umakola ngakhale amisiri. Choyezera kutentha chingathe kunama, ndipo chimanama mokometsa. Pali njira zitatu zimene makina osagwira bwino ntchito amaonekera ngati abwino. Yoyamba ndi kutentha kwa injini za mafani, kumene kumafunditsa mpweya woloŵa ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kutentha kumeneko kwagulidwa ndi magetsi, sikudabwezedwe. Yachiŵiri ndi kudontha kwa m'kati: mpweya wakale wa m'bafa ukaloŵerera m'njira ya mpweya watsopano, choyezera chimaonetsa madigiri okwera, chonsecho banja likupumanso mpweya womwe lidafuna kutaya. Nchifukwa chake bungwe lija limalamula kuti kudontha kusapitirire magawo atatu pa 100. Yachitatu ndi kusalingana kwa mafani. Fani yotulutsa ikamakoka makyubiki mita 150 pamene yoloŵetsa ikukoka 100 okha, mpweya wochepa woloŵawo umafunda kwambiri ndipo chiŵerengero chimakongola. Koma makyubiki mita 50 otsalawo amaloŵabe m'nyumba kudzera pansi pa chitseko ndi m'ming'alu, ali ozizira monga mmene aliri kunja. Pofuna kupeŵa chinyengo chotere, oyesa a ku Darmstadt amayeza mbali ya mpweya wotayidwa kunja, kuti aone kutentha kumene nyumba yataya ndithu. Ndipo poŵerengera mapulani a nyumba, makina amene sadayesedwe m'njira yawo amaŵachotsera magawo 12 pa chiŵerengero cha wogulitsa.

Muyeso wachitatu ndi wa nyumba yeniyeniyo, pakuti makina abwino m'nyumba yobooka ali ngati kutunga madzi ndi chidebe chatsopano n'kuthira mu mtsuko wosweka. Amisiri amachotsa chitseko chakunja n'kuikapo chinsalu chokhala ndi fani yaikulu. Faniyo imakoka mpweya m'nyumba mpaka kusiyana kwa mphamvu ya mpweya pakati pa m'kati ndi kunja kufike mapasikali 50, kumene kuli ngati mphepo ya makilomita 30 pa ola ikuomba makoma onse nthaŵi imodzi. Kenaka amaŵerenga kuti mpweya wonse wa m'nyumbamo ukusinthika kangati pa ola. Ndondomeko ya R-2000, imene boma la Canada lidayambitsa m'chaka cha 1982, idaika malire pa 1.5. Muyeso wa Passivhaus ndi wokhwima koposa, chifukwa malire ake ndi 0.6. Kufunika kwa zimenezi kumaoneka m'masamu. Ngati makina akuyendetsa makyubiki mita 120 pa ola, koma ming'alu ikuloŵetsa ena 60 osadutsa m'makinamo, mpweya wonse ndi 180. Magawo 80 pa 100 aja akugwira pa 120 okha, ndipo poŵerengera nyumba yonse, kutentha kobwezedwa kumatsika kufika magawo 53 pa 100. Makinawo sadalakwe kanthu, koma mwini nyumba wataya gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu limene adalipirira.

Mapaipi nawo ali ndi mlandu wawo. Paipi yonyamula mpweya wofunda ikadutsa m'denga mozizira yosakutidwa, kutentha kumene makina abweza kumathera m'njira. Paipi yonyamula mpweya wozizira ikadutsa m'chipinda chofunda yosakutidwa, imachita thukuta, ndipo madziwo amaoletsa siling'i. Tsono woyesa wosamala amayenda chipinda ndi chipinda atanyamula chida chonga fanulo yaikulu, n'kuchivundikira pa kabowo kalikonse kuti aŵerenge mpweya umene ukutuluka kapena kuloŵa, ndi kuyerekeza ndi zimene zidalembedwa pa pulani.

Ku maiko ozizira kwambiri kulinso muyeso wa chisanu. Mpweya wa m'nyumba uli ndi chinyezi, ndipo ukazizira m'kati mwa makina chinyezicho chimasanduka madzi, amene amatuluka kudzera m'kapaipi kakang'ono pansi pa bokosi. Kunja kukazizira kupitirira madigiri angapo pansi pa ziro, madziwo amaundana n'kutseka tinjira ta mpweya. Makina ena amadziteteza poimitsa fani yoloŵetsa kwa mphindi zingapo, ena amazunguliza mpweya wa m'nyumba kuti usungunule madzi oundanawo, ena amayamba afunditsa mpweya wakunja ndi magetsi. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, kaya wa magetsi kaya wa mpweya watsopano wochepa. Chifukwa cha ichi muyeso wa dziko la Canada, wotchedwa CSA C439, umayesa makina pa madigiri 0 ndiponso pa madigiri 25 pansi pa ziro, ndipo chiŵerengero cha pa kuzizira koopsako kaŵirikaŵiri chimakhala chotsikirapo.

Pali mtundu wina wa makinaŵa umene umadutsitsa chinyezi pamodzi ndi kutentha. Kampani ya Mitsubishi Electric ya ku Japan idayamba kugulitsa otere m'chaka cha 1970 pa dzina lakuti Lossnay, ndipo mtima wake udali wa pepala lokonzedwa mwapadera. M'nyengo yozizira amathandiza kuti mpweya wa m'nyumba usaume kwambiri mpaka kuŵaŵitsa kukhosi. M'nyengo yotentha ndi yachinyezi amabweza chinyezi chakunja chisanaloŵe. Poyesa makina otere, woyesa amayeza chinyezi pamodzi ndi madigiri.

Komabe cholinga choyamba cha makinaŵa ndi mpweya wabwino, ndipo kupulumutsa mafuta kumabwera pambuyo. M'chaka cha 1858 katswiri wa zaukhondo wa ku Munich, Max von Pettenkofer, adalangiza kuti mpweya wa carbon dioxide, umene munthu amatulutsa popuma, usapitirire magawo 1,000 pa miliyoni m'chipinda chokhalamo anthu. Kunja mpweya umenewu uli pa magawo oposa pang'ono 420 pa miliyoni. Chiŵerengero cha Pettenkofer chikugwiritsidwabe ntchito ngati chizindikiro chakuti mpweya ukusinthika mokwanira. Kachida koyezera kamaikidwa m'chipinda chogona kwa masabata angapo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuyeza kwa masana amodzi, zitseko zili zotsekula, sikuulula zimene zimachitika usiku anthu aŵiri atagona chitseko chili chotseka. Chinyezi nacho chimayezedwa, ndipo chimayenera kukhala pakati pa magawo 30 ndi 60 pa 100.

Muyeso wotsiriza ndi khutu la mwini nyumba. Makina aphokoso amazimitsidwa, ndipo makina ozimitsidwa m'nyumba yomatidwa bwino ndi oopsa kuposa kusakhala nawo m'nyumba yakale. Muyeso wa Passivhaus umafuna kuti phokoso m'zipinda zokhalamo lisapitirire madesibelo 25, limene ndi locheperapo kuposa kunong'ona. Zimene zidachitika ku Netherlands zidaphunzitsa ambiri. M'dera latsopano la Vathorst, mu mzinda wa Amersfoort, mabanja ambiri okhala m'nyumba za makina otere adadandaula cha m'ma 2007 kuti akudwala mutu, chifuwa ndi kutopa. Ofufuza adapeza kuti m'nyumba zambiri mpweya sunkakwanira, makina adaikidwa mosasamala, ndipo anthu ankaŵasiya pa liŵiro lotsikitsitsa pothaŵa phokoso. Ku Britain nako, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2010 adapeza zolakwa zofananazo m'nyumba zatsopano: mapaipi ofeŵa opindika ndi ophwanyika, mafani osalinganizidwa, ndi eni nyumba amene sadauzidwe n'komwe kuti m'bokosimo muli sefa yoyenera kusintha. Amalaŵi amene akukhala m'nyumba zatsopano za mdadada ku London, Manchester ndi Dublin angakhale ndi bokosi lotere m'kabati, ndipo ngati ali nalo nkhani ya sefayi ikuŵakhudza. Sefa imayenera kuonedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse ndi kusinthidwa kamodzi pa chaka kapena kuposerapo. Dziko la Sweden lidaona kufunika kwa zimenezi msanga, ndipo kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 lamulo lake limafuna kuti njira za mpweya m'sukulu, m'maofesi ndi m'nyumba za mabanja ambiri ziziyenderedwa ndi katswiri pakapita zaka zoikika.

Pamene ntchito yagwiridwa mosamala, zotsatira zake ndi zokhalitsa. Nyumba yoyamba ya mtundu wa Passivhaus, ya mabanja anayi, idamangidwa ku Kranichstein mu mzinda wa Darmstadt ndipo anthu adaloŵamo m'chaka cha 1991. Maganizo ake adachokera m'zokambirana za Wolfgang Feist ndi Bo Adamson wa pa yunivesite ya Lund ku Sweden m'chaka cha 1988. Nyumbayo idayezedwa chaka ndi chaka, ndipo mphamvu yotenthetsera imene idadya idali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene nyumba wamba za ku Germany zinkadya nthaŵi imeneyo. Itakwanitsa zaka 25 akatswiri adaiyenderanso, ndipo adapeza kuti makoma ake adali osadonthabe ndipo makina obweza kutentha ankagwirabe bwino ntchito.

Omvera ena angafunse ngati makina otere ali oyenera m'nyumba za ku Malaŵi. Masamu omwe aja amayankha. Phindu limadalira kusiyana kwa madigiri pakati pa m'kati ndi kunja. Kusiyanako kukakhala madigiri asanu m'malo mwa 30, makina obweza magawo 80 pa 100 amapulumutsa mawati 160 okha, ndipo pa maola ambiri a chaka sapulumutsa kanthu pamene mafani akudyabe magetsi. M'nyumba wamba, zenera, khonde lalitali ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma ndi zokwanira ndipo sizifuna magetsi. Kumene makinaŵa angakhale ndi ntchito ndi m'nyumba zazikulu zotsekedwa zimene zimaziziritsidwa ndi makina, monga mahotela, mabanki ndi zipinda zina za m'zipatala, makamaka m'madera otentha a m'mphepete mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire, chifukwa bokosi lomwelo limagwiranso ntchito mobwerera: mpweya wozizira wotuluka umaziziritsa mpweya wotentha woloŵa.

Phunziro limodzi la nkhaniyi likukhudza mudzi uliwonse, ngakhale kumene makinaŵa sadzafika. Nyumba ikatsekedwa pothaŵa kuzizira, payenera kutsala njira yoti mpweya uloŵere ndi kutulukira. Mbaula ya makala yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo wapha anthu ambiri ali m'tulo m'miyezi yozizira. Mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asanagone, ndipo timabowo ta pamwamba pa khoma sitiyenera kutsekedwa ndi nsanza kapena mapepala, ngakhale usiku wa Julayi utazizira chotani.